PEPALA KAPENA MAKINA: KODI VOTI ISUNGIKA BWINO PATI?

Tsiku Lacinai, pa 12 August, 2021, anthu a ku Kabwata mu mzinda wa Lusaka anadzuka tambala asanalire. Pamene malo oponyerapo voti anatsegulidwa pa 6 koloko m'mawa, mizere inali itazungulira kale mipanda ya masukulu, ndipo mphepo ya mwezi umenewo inali kuthira anthu fumbi m'maso. Zinali cimodzimodzi ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Wa galimoto ndi woyenda pansi, mwini nyumba ndi wanchito wace, onse anaima mu mzere umodzi, ali yense atagwira reji ndi khadi la voti. Munthu atafika kutsogolo, dzina lace linaitanidwa mokweza kuti oimira zipani amve, cala cace cinapakidwa inki, ndipo analandira mapepala anai: la Pulezidenti, la phungu wa Nyumba ya Malamulo, la meya ndi la khansala.

Usiku mabokosi anatsegulidwa m'cipinda comweco cimene anthu anavoteramo. Mapepala anakhuthulidwa pa tebulo, ndipo lirilonse linaonetsedwa kwa oimira zipani ndi oyang'anira masankho lisanaikidwe pa mulu wace. Kuwerenga kutatha, ziwerengero zinalembedwa pa pepala lochedwa GEN 20, oimira zipani anasainapo, ndipo lina linamatidwa panja kuti wodutsa ali yense aliwerenge. Kufikira pamenepo zonse zinacitika anthu akupenya.

Cimene cinatsatira cinali kudikira. Pa tsiku lomwelo la masankho WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira nchito pa malamya a anthu ambiri, ndipo mphekesera zinayenda mofulumira kuposa wailesi. Masitolo ena mu Cairo Road anakhala otseka. Kunali m'bandakuca wa Lolemba, pa 16 August, pamene wapampando wa bungwe loyendetsa masankho la ECZ pa nthawiyo, Woweruza Esau Chulu, analengeza ku Mulungushi kuti a Hakainde Hichilema apambana ndi mavoti opitirira 2.8 miliyoni, pamene a Edgar Lungu anapeza 1.8 miliyoni. Tsiku lomwelo a Lungu anavomereza zotsatirazo.

Masiku anai a kudikira amenewo ndiwo mfundo yoyamba ya iwo amene amati dziko lino lisiye mapepala ndi kuyamba kuvota pa makina. Nkhaniyi imamveka m'mabasi ocokera ku Kulima Tower, m'maofesi ndi pa wailesi, makamaka pakamwa pa acinyamata. Iwo amati munthu amene amatumizira amai ace ndalama ku Katete pa lamya, ndalamazo nizifika asanabweze lamyayo m'thumba, sayenera kugona masiku anai asanadziwe amene wapambana. Amachulanso ndalama zimene boma limataya posindikiza mapepala kunja: m'caka ca 2011 anasindikizidwa ku Durban, ndipo mu 2016 ndi mu 2021 ku Dubai, kumene nthumwi za zipani zinapita pa ndege kukaonerera nchitoyo. Mfundo yao yacitatu ndiyo yolemera koposa. Pa masankho a 2016 mapepala a Pulezidenti opitirira 80,000 anakanidwa cifukwa ca kulembedwa molakwika, pamene a Lungu anapyola theka la mavoti, monga lamulo lifunira, ndi mavoti pafupi 13,000 cabe. Makina salola munthu kusankha anthu awiri pa mpando umodzi, kotero voti yoonongeka imacepa.

Mfundo zimenezi si zacibwana. Komabe pamene nkhani ya makina inabuka m'caka ca 2024, zipani zotsutsa boma zinaikana mwamphamvu, ndipo bungwe la ECZ linanena poyera kuti masankho a 2026 adzacitika pa mapepala monga kale.

Makina amene akunenedwawa ndi kabokosi ka ukulu wonga wailesi ya pa tebulo. Pamwamba pace pali maina ndi zizindikiro za opikisana, ndipo pambali pa dzina lirilonse pali batani. Wovota amadina batani limodzi, kabokosiko nikalira, ndipo voti yace yalowa. Madzulo woyang'anira amadina batani lina, ndipo ziwerengero zonse zimatuluka nthawi yomweyo. Mlimi wa ku Lundazi kapena ku Petauke adziwa kale cinthu cofanana ndi ici. Akagulitsa cimanga poyesa ndi meda kapena tini, amaona ndi maso ace pamene mbeu yadzaza ndi pamene yasefukira, ndipo akakaika amawerenganso. Koma wogula woyendayenda akabwera ndi sikelo ya manambala owala, mlimi amangouzidwa kulemera kwa thumba lace. Sikeloyo ingakhale yoona ndithu, ndipo kawirikawiri imaposa tini pa kulondola, koma mlimi alibe njira yodziwira ngati wina anaikhudza m'kati usiku. Pa cimanga munthu angathe kunyamula thumba lace ndi kukayesa pa sikelo ya mnansi. Voti ikalowa m'makina opanda pepala, palibe cina cotsala coti nkukayesa kwina.

MAKINA ANALOWA KALE

Akulu amene anavota m'nthawi ya cipani cimodzi adzakumbukira kuti pa masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988 pepala la Pulezidenti linali ndi dzina limodzi lokha, la a Kenneth Kaunda. Munthu anali kusankha INDE kapena IAI. Cizindikiro ca INDE cinali nkhwazi, ndipo IAI anapatsidwa nyama yosakondedwa, caka cina fisi, caka cina cule. Masiku amenewo mkangano wa kawerengedwe sunali waukulu, pakuti wopambana anali kudziwika mabokosi asanatsegulidwe.

Zinasintha m'caka ca 1991. Pa masankho a pa 31 October caka cimeneco mavoti sanawerengedwe pa malo ovotera; mabokosi anali kunyamulidwa pa magalimoto kupita ku malo amodzi m'dera lirilonse la phungu. Cipani ca MMD cinadandaula kwambiri, cifukwa cinaopa zimene zingacitikire bokosi pa mseu usiku, ndipo oimira zipani analoledwa kuperekeza mabokosiwo. A Frederick Chiluba anapambana ndi mavoti atatu mwa anai ali onse, MMD inatenga mipando 125 mwa 150, ndipo UNIP inasunga mipando yonse 19 ya Cigawo ca Kum'mawa. Kusiyana kunali kwakukulu kotero kuti panalibe cokanganirana. Koma mantha a pa mseu aja sanaiwalike, ndipo m'zaka zotsatira kuwerenga kunayamba kucitikira pa malo amene munthu waponyerapo voti yace.

Kompyuta inalowa m'masankho a Zambia kudzera pa khomo la kalembera, ndipo inalowa ndi phazi loipa. Pokonzekera masankho a 1996, boma linapatsa kampani ya ku Israel yochedwa Nikuv nchito yolemba maina a ovota pa makompyuta, pa mtengo wa madola pafupi 18 miliyoni. Anthu amene analembedwa anali 2.3 miliyoni cabe, pafupi theka la amene anali kuyembekezeka. Madandaulo anaculuka: ena maina ao sanapezeke, ena anaoneka kawiri, ena anatumizidwa kukavota ku malo amene sanalembetseko. Mlandu wotsutsa kupambana kwa a Chiluba unafika ku Bwalo Lalikulu la Supreme, limene m'caka ca 1998 linavomereza kuti zolakwika zinalipo, koma linati sizinali zokwanira kugwetsa masankhowo. Ngakhale bwalo linatero, dzina la Nikuv linasanduka mwambi pakamwa pa anthu a mu Lusaka, ndipo kwa zaka zambiri munthu akafuna kunena kuti wabedwa mocenjera anali kungochula dzinalo. Cimene cinapweteka anthu cinali cakuti nchito yonse inacitikira m'cipinda cimene iwo sanalowemo, m'makina amene sanawadziwe, ndi alendo amene sanawasankhe. Munthu wamba analibe njira yotsimikizira kuti wabedwa, ndiponso boma linalibe njira yomutsimikizira kuti sanabedwe.

Kuyambira m'caka ca 2010 olembetsa anayamba kujambulidwa nkhope ndi zidindo za zala pa makina onyamula m'manja. Cakumapeto kwa 2020 bungwe la ECZ linataya buku lakale la maina ndi kulemba latsopano m'masabata ocepa, momwe munalowa anthu 7 miliyoni. Apanso panali madandaulo akuti zigawo zina zinapatsidwa mwai wocepa. Pa tsiku la masankho a 2021 malo ena ovotera anali ndi timakina toyesera zala za ovota. Ndiponso ziwerengero zikasonkhanitsidwa pa likulu la dera la phungu, zimalowetsedwa m'makompyuta ndi kutumizidwa ku Lusaka. Motero makina ali kale ku ciyambi ndi ku mapeto kwa masankho. Cimene catsala m'manja mwa munthu ndi pakati pokha: colembera, pepala, bokosi loonekera m'kati, ndi kuwerenga kwa pa tebulo.

Wopenda mbiri ya mikangano ya masankho m'dziko lino adzaona kuti yambiri inabadwira kumalekezero kuwiri kuja, osati pa tebulo. M'caka ca 2001 a Levy Mwanawasa anapambana ndi mavoti 29 mwa 100 ali onse, a Anderson Mazoka ali pambuyo pao ndi 27, ndipo mlandu wace unatha m'February 2005, zaka zitatu zitapita. Mu 2006 zotsatira zoyamba zinacokera m'matauni ndipo zinaika a Michael Sata patsogolo. Pamene mavoti a kumidzi anafika ndi kutembenuza zinthu, m'makomboni a mu Lusaka munabuka zipolowe. Anthu a m'tauni anaganiza kuti abedwa, cikhalirenico anali atangoiwala kuti mlimi wa kutali nayenso anavota, kungoti bokosi lace limayenda mtunda wautali. Mu 2016 mkangano waukulu unali pa mapepala a zotsatira, amene caka cimeneco anali kuchedwa GEN 12: otsutsa anati m'malo ena a mu Lusaka oimira ao sanapatsidwe mapepalawo. Mlandu unapita ku Bwalo la Constitutional, koma masiku 14 amene lamulo lipereka anatha usanamvedwe, ndipo mpaka lero ena amati anabedwa, ena amati iai.

CAONA MNZAKO

Dziko loyamba mu Africa kuvota pa makina m'masankho a dziko lonse linali Namibia, m'caka ca 2014. Makinawo anagulidwa ku India. Poyamba ambiri anayamikira, koma pa masankho a November 2019 zinthu zinavuta. Kunamveka kuti makina ena amene cipani colamula cinabwereka anasowa, ndipo mmodzi wa opikisana pa mpando wa Pulezidenti, Dr Panduleni Itula, anakasuma ku bwalo. Lamulo la dzikolo linali litanena kuti makina ayenera kutulutsa kapepala kotsimikizira voti iriyonse, koma nduna inayambitsa lamulolo ndi kusiya ndime imeneyo pambali. M'February 2020 Bwalo Lalikulu la Namibia linagamula kuti kuteroko kunali kosemphana ndi malamulo a dziko. Silinagwetse masankhowo, pakuti panalibe umboni wakuti ziwerengero zinasinthidwa. Koma umboni wotero ukanacokera kuti, popeza panalibe pepala loti nkuwerenganso? Cakumapeto kwa caka comweco anthu a ku Namibia anabwerera ku mapepala, ndipo anavotanso pa mapepala mu 2024. Ku Botswana Nyumba ya Malamulo inavomereza makina mu 2016, anthu anakana, ndipo masankho a 2019 anacitika pa mapepala.

Pepala nalonso liri ndi milandu yace, ndipo abale a ku Malawi adziwa bwino. Pa masankho a May 2019 mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi utoto woyera wa Tipp-Ex ndi kulembedwanso. Pa 3 February, 2020, oweruza asanu anagwetsa masankho a Pulezidenti, ndipo anthu anavotanso pa 23 June. Wina angati ici cisonyeza kuipa kwa pepala. Koma oweruza aja anatha kugamula cifukwa utotowo unali kuoneka. Mapepala anaikidwa pamaso pao limodzi ndi limodzi, ndipo ngakhale munthu wosapita ku sukulu akanatha kuloza ndi cala pamene panafufutidwa. Wakuba wa pa pepala amasiya mapazi. Ku Kenya mu 2017 anthu anavota pa mapepala, koma zotsatira zinatumizidwa pa makina. Bungwe la masankho litalephera kutsegula makompyuta ace monga bwalo linalamulira, oweruza otsogozedwa ndi David Maraga anagwetsa masankhowo pa 1 September.

Ngakhale maiko olemera anabwerera m'mbuyo pa nkhaniyi. Ku Germany, dziko limene lipanga makina a mitundu yonse, bwalo lalikulu linaletsa makina ovotera amene anali kugwiritsidwa nchito, m'March 2009. Cifukwa cace cinali cakuti nzika iriyonse iyenera kukhoza kutsatira mmene voti yace yawerengedwera popanda kukhala katswiri. Oweruzawo sananene kuti makinawo ananama. Anati sikokwanira kuti akatswiri ocepa auze mtundu wonse kuti ukhulupirire.

Kuli maiko amene makina anakhazikika. Brazil anayamba mu 1996, ndipo India, kumene ovota ali mazana a mamiliyoni, wavota pa makina m'dziko lonse kuyambira 2004. Koma ku India komweko bwalo lalikulu linalamula mu 2013 kuti pakhale pepala lotsimikizira. Tsopano wovota akadina batani, kapepala kokhala ndi dzina ndi cizindikiro ca amene wamusankha kamaonekera pa galasi kwa masekondi 7, kenaka nikagwera m'bokosi lomata. Ku Congo, kumene makina ocokera ku South Korea anayamba mu 2018, nchito ya makinawo ndi kusindikiza pepala limene wovota amaponya yekha m'bokosi. Kotero ngakhale kumene makina analandiridwa, pepala linabwereranso pa khomo la kuseri. Ndipo ku Gambia, kadziko kakang'ono ka kumadzulo kwa Africa, anthu akhala akuvota poponya kamwala ka galasi m'mgolo wa amene amufuna, belu nilirira m'kati. Mwa njira imeneyo anacotsa Pulezidenti Yahya Jammeh mu 2016.

Anthu ambiri akamva za makina amayamba ndi funso la magetsi, ndipo pali cifukwa. M'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, nyumba za ku Kabulonga ndi za ku Kabwata zinakhala mu mdima mofanana, masiku ena maola opitirira 20. Koma makina a mtundu wa ku India amayendera mabatire, kotero vuto la magetsi lingathe kupewedwa. Mafunso ovuta ali pena. Mu 2021 malo ovotera anali 12,152. Makina akafa pa sukulu ya ku Chama kapena ku Vubwi pa 10 koloko m'mawa, wokonza adzacokera kuti, ndipo adzafika nthawi yanji? Pa masankho a January 2015, amene anacitika pakati pa dzinja, mvula inatseka miseu ndipo malo ena anafikidwa ndi ndege za helikopita. Pamapeto pace a Lungu anaposa a Hichilema ndi mavoti 27,757 okha. Pa mpikisano wothina motero makina a malo ocepa okha atalephera angasokoneze dziko lonse. Ndiponso makina zikwi zambiri ayenera kusungidwa zaka zisanu pakati pa masankho. Adzasungidwa m'nyumba ya yani, mfungulo idzakhala ndi yani, ndipo ndani adzalemba malangizo a m'kati mwace? Zipani zimene zimatumiza anthu ku Dubai kukayang'anira pepala likusindikizidwa zidzafunika akatswiri a makompyuta m'boma lirilonse, ndipo zipani zazing'ono sizingakwanitse.

Palinso nkhani ya cinsinsi. Gogo wa kumudzi akalowa m'kacipinda ndi pepala lace, adziwa kuti wapinda yekha ndipo laphatikizana ndi mazana ena m'bokosi. Kumuuza kuti makina amene anajambula cala cace pa khomo sadziwa batani limene wadina m'kati ndi nchito yaikulu, makamaka ngati wina wa ndale wadutsa kale m'mudzimo kunong'oneza kuti makinawo amaona zonse ndipo wovotera molakwa sadzalandira feteleza. Bodza lotere ndi losavuta kufesa ndipo ndi lovuta kuzula.

Tsono kucedwa kumene a m'tauni amadandaula nako sikucokera kweni-kweni pa kuwerenga. Malo ambiri ovotera amatsiriza usiku womwewo kapena m'mawa mwace. Masiku amathera pa kunyamula mapepala, kuwaphatikiza pa likulu la dera, ndi kuwatsimikizira ku Mulungushi pamaso pa nthumwi za zipani. Apa ndi pamene makina angathandize popanda kulanda munthu maso ace: pepala la zotsatira la malo ali onse lingajambulidwe ndi kuikidwa poyera pa intaneti usiku womwewo, monga anacitira ku Kenya mu 2022, kuti ali yense aphatikize yekha.

Njira yofanana ndi imeneyi yayesedwa kale kuno ndi a machalichi. Mu 2021 bungwe lao loyang'anira masankho la CCMG linaika anthu pa malo ovotera 1,500 osankhidwa m'zigawo zonse khumi. Ali yense anakhala m'cipinda kuyambira m'mawa kufikira kuwerenga kutatha, nalemba ziwerengero zimene anaona, nazitumiza pa lamya ku Lusaka. Ataphatikiza, anapeza kuti zotsatira zao zinagwirizana ndi zimene ECZ inalengeza. Anatha kucita ici cifukwa pa malo ali onse panali mulu wa mapepala woti nkuona ndi pepala losainidwa loti nkukopera.

Pepala lomwelo limamatidwa pa sukulu ya ku Chadiza monga limamatidwira ku Woodlands. Silifuna cilolezo kuti munthu aliwerenge. Mphunzitsi, nyakwawa, mlembi wa kalabu ya alimi kapena mwana wa sukulu wokhala ndi pensulo angathe kupita m'mawa mwace, mvula kapena mbuzi zisanaliwononge, ndi kukopera manambalawo m'kope. A m'midzi yoyandikana akacita cimodzimodzi pa masukulu ao, angathe kuphatikiza ziwerengero za dera lao lonse ndi kuzisunga kufikira tsiku limene wailesi idzachula dzina la deralo kucokera ku Mulungushi.